Cholembera Chikhale M'dzanja la Mwini Nkhani

Pa kukumana kwathu kuno tilingalira funso limodzi. Tikamathandiza mnzathu kulemba za mumtima mwake, kodi thandizo limathera pati, ndipo kulanda kumayambira pati? Tiwerenge mosinthana, ndime ndi ndime, ndipo aliyense akhale womasuka kuimitsa gulu pamene wapeza mawu omukhudza kapena amene sakugwirizana nawo.

1. Kalata ya agogo

Ndili mu Sitandade 6 ndinali mlembi wa agogo anga aakazi. Iwo sanalowepo m'kalasi, ndipo mwana wawo wamwamuna, amalume anga, ankagwira ntchito ku Bulawayo. Panali patapita zaka zinayi asanapondeko kumudzi. Tsiku lina m'dzinja agogo anandiitana pakhonde pomwe ankasadzula nkhwani, nandiuza kuti nding'ambe pepala m'kope langa.

"Iwe, lemba," anatero. "Umuuze kuti denga likudontha pamalo pomwe ankagona iye."

Ndinadikira kuti apitirize, koma anangoti zii.

"Basi, agogo? Zomwezo?"

"Basi. Akamva."

Ine ndinaona kuti kalata ya mzere umodzi ikandichititsa manyazi. Kusukulu anali atatiphunzitsa kuti kalata imakhala ndi keyala, tsiku, malonje, thunthu ndi mawu otsanzika. Choncho ndinalemba kalata yodzaza tsamba. Ndinapereka moni wa pamudzi ponse, kenako ndinafotokoza kuti nyumba yawonongeka ndi mvula, ndipo agogo akupempha ndalama zogulira udzu ndi zolipira ofolera. Sindinawawerengere zomwe ndinalembazo, poti mumtima ndinali wotsimikiza kuti ndawathandiza.

Patapita mwezi ndalama zinafika ku positi ofesi. Nditawapatsa, agogo anazigwira kanthawi m'manja osaziwerenga, kenako anandifunsa, "Kodi iwe unalemba chiyani m'kalata muja?" Nditawauza anati, "Ine sindinapemphe ndalama." Sanandikalipire, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Denga linafoleredwa. Amalume anabwera patapita madzinja ena awiri.

Panapita zaka zambiri ndisanazindikire chomwe ndinachita. Agogo ankauza mwana wawo kuti malo ake alipobe, kuti mvula ikamagwa usiku maso awo amakhala pamalopo, kuti abwere kumudzi. Anasankha mawu amene iye yekha akanawamva. Ine ndinachotsa mawuwo n'kuikamo anga. Kalata yanga inalibe cholakwika m'masipelo, koma inanena zomwe mwini wake sananene.

2. Nyumba ya alembi ku Dublin

Nkhani ya agogoyi imandibwerera ndikamaganiza za malo amene anthu amawatsegula kuti azithandiza ana ndi akulu kulemba, popanda kufunapo phindu. Malo amodzi otere ali mumzinda wa Dublin ku Ireland, ndipo amatchedwa Fighting Words. Anawatsegula mu 2009 anthu awiri. Woyamba ndi Roddy Doyle, mlembi amene anaphunzitsa kusekondale zaka zoposa 10 ndipo anapambana mphoto ya Booker mu 1993. Wachiwiri ndi Seán Love, amene kale ankatsogolera bungwe la Amnesty International m'dzikomo. Nzeruyi anaitengera ku San Francisco, ku America, komwe mlembi Dave Eggers ndi mphunzitsi Nínive Calegari anatsegula malo otchedwa 826 Valencia mu 2002. Kumeneko malamulo a mzinda ankati nyumba yomwe anapezayo iyenera kukhala ya malonda, ndiye kumaso kwake anatsegulako kasitolo kogulitsa katundu wa achifwamba a panyanja, ana n'kumadutsa m'sitolomo popita kukalemba kuseri.

Ku Fighting Words palibe amene amalipira. Ntchito yambiri imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo cholinga chawo n'chothandiza ana, achinyamata, komanso akuluakulu amene sanapeze mwayi wotere ali ana. M'mawa kumabwera kalasi ya ana a pulayimale pamodzi ndi mphunzitsi wawo. Onse pamodzi amayamba kupeka nkhani. Amagwirizana za mwini nkhani, chomwe akufuna, chomwe amaopa, ndi mnzake wapamtima. Wodzipereka mmodzi amataipa mawu a anawo pa kompyuta, mawuwo n'kumaoneka poyera kuti aliyense aziwawerenga, ndipo wina amajambula zithunzi za nkhaniyo. Nkhani ikafika pomwe zinthu zavuta, amaiimitsa. Mwana aliyense amatenga pepala n'kulemba mathero akeake, odzipereka atakhala pambali pake. Pochoka aliyense amatenga kabuku kake. Sapereka malikisi, ndipo pa nthawi yopeka nkhaniyo masipelo si amene amaikidwa patsogolo. Nyuzipepala ya Irish Times yakhala ikusindikiza chaka ndi chaka nkhani za achinyamata olembera kumeneko.

Tiime pa mphindi imene nkhani ya gulu yaimitsidwa ndipo cholembera chili m'dzanja la mwana. Wodzipereka amene wakhala pambali pake ali pamalo pomwe ine ndinali pakhonde la agogo. Amadziwa kulemba kuposa mwanayo, amamufunira zabwino, ndipo nthawi ikutha. Funso lathu lili pa mphindi imeneyo, ndipo limakhudza aliyense wa ife amene anathandizapo mwana kulemba chimangirizo, kapena kulembera mayi wachikulire uthenga pa foni, kapena kukonzera mnzake mawu okayankhula pamaliro.

3. Njira ziwiri zolakwira

Njira yoyamba ndi kulanda. Tiyerekeze kuti mtsikana wa zaka 9 walemba kuti galu wa m'nkhani sanapeze njira ya kwawo, ndipo anagona pansi pa mlatho. Wothandiza akumva chisoni, n'kunena mokoma kuti, "Bwanji galuyo akumane ndi mbuye wake? Nkhani ithe bwino." Mtsikanayo akugwedeza mutu kuvomera, chifukwa wanena ndi munthu wamkulu. Akufufuta mzere wake. Akupita kwawo ndi kabuku kokongola kokhala ndi mathero osangalatsa amene si ake. Mwina m'nyumba mwawo muli munthu amene anachoka osabwereranso, ndipo galu uja inali njira yokhayo imene mwanayo anapeza yonenera zimenezo. Wothandiza sanafunse, choncho sadzadziwa.

Njira yachiwiri ndi kuyamikira kwabodza. Tiyerekeze kuti bambo wa zaka 60, amene anasiya sukulu ali wamng'ono, wabweretsa masamba atatu ofotokoza za ntchito imene anagwira moyo wake wonse. M'masambamo muli zinthu zamtengo wapatali, koma wowerenga sangadziwe kuti akuyankhula ndani, kapena chinayamba n'chiti. Wothandiza akuopa kuwakhumudwitsa, ndiye akuti, "Zabwino kwambiri, bambo, palibe chokonza." Bamboyo akubwerera kunyumba mtima uli m'malo, koma zidzukulu zimene anawalembera zikadzawerenga sizidzamva kanthu. Wothandizayo wanama, ndipo pansi pa bodzalo pali chiweruzo chowawa: wagamula mumtima kuti munthuyu sangachite bwino kuposa apa, choncho palibe chifukwa chovutikira naye.

Zolakwa ziwirizi zimaoneka ngati zotsutsana, china cha nkhanza ndipo china cha chifundo, koma muzu wake ndi umodzi. Wolanda uja maganizo ake ali pa luso lake, pa momwe iye akanalembera. Woyamikira mwabodza maganizo ake ali pa mtendere wake, kuti asaone nkhope yakugwa ya munthu. Onse awiri akuganiza za iwo eni, ndipo palibe amene wafunsa mwini nkhani kuti akufuna kunena chiyani.

4. Nkhani imene inadulidwa

Wina angati izi n'zazing'ono, za ana ndi agogo. Koma zinachitikiranso mlembi wotchuka, ndipo nkhani yake imaonetsa kulemera kwa funsoli. Raymond Carver anali mlembi wa nkhani zazifupi wa ku America, amene anabadwa mu 1938 ndi kumwalira mu 1988. Kwa zaka zambiri anali wosauka ndiponso kapolo wa mowa. Amene anamukweza anali mkonzi Gordon Lish, yemwe anasindikiza nkhani zake m'magazini ya Esquire, kenako n'kumuthandiza kutulutsa mabuku. Carver anasiya mowa mu 1977, ndipo anayamba kulemba nkhani zazitaliko, zokhala ndi chifundo pa anthu ake. Atapereka nkhani 17 kuti zikhale buku, Lish anazidula kuposa theka, nasintha mitu ndi mathero a zina. Mu Julayi 1980 Carver analembera Lish kalata yaitali yomupempha kuti aimitse bukulo. Koma bukulo linatuluka mu 1981 monga momwe Lish analidulira, ndi mutu wakuti What We Talk About When We Talk About Love.

Taonani zomwe zinachitikira nkhani imodzi. Mayi akuitanitsa keke ya tsiku lobadwa la mwana wake. M'mawa wa tsikulo mwanayo akugundidwa ndi galimoto. Makolo ali kuchipatala, ndipo wophika buledi, amene sakudziwa za ngoziyo, akuimba foni kunyumba mobwerezabwereza, atakwiya kuti keke yake sinatengedwe. Momwe Carver analembera, mwanayo akumwalira, makolo akupita kwa wophikayo usiku ali ndi mkwiyo waukulu, ndipo iye atamva zomwe zachitika akupepesa, akuwakhazika pansi, akuwapatsa khofi ndi mabanzi otentha, n'kucheza nawo mpaka kucha. Momwe Lish anaidulira, nkhaniyo ikuthera pa foni imene ikulira, wowerenga osadziwa ngati mwana ali moyo. Kupepesa, mabanzi ndi kukhalira pamodzi zonse zinachotsedwa. Carver anabwezeretsa nkhani yonse m'buku lake la Cathedral mu 1983, ndipo nkhani zonse 17 monga momwe iye anazilembera zinatuluka mu 2009 m'buku lotchedwa Beginners, kudzera mu khama la mkazi wake wamasiye, Tess Gallagher.

Apa tisathawe chovuta. Buku lodulidwalo ndi limene linatchukitsa Carver, ndipo mpaka lero pali owerenga ambiri odziwa bwino za mabuku amene amati nkhani zodulidwazo n'zamphamvu kuposa zazitalizo. Tiyerekeze kuti akunena zoona. Ngati thandizo labala chinthu chabwino kuposa chimene mwini wake akanapanga, cholakwa chili pati? Ndikakonza njinga ya mnzanga bwino kuposa momwe iye akanaikonzera, palibe amene walakwiridwa.

Yankho lili pa kusiyana kwa njinga ndi nkhani. Njinga siinena kanthu za mwini wake. Nkhani imapita m'dziko itanyamula dzina la munthu, ndipo imauza aliyense woiwerenga kuti munthu uyu ndi momwe amaonera moyo. Carver wa mu 1980 anali munthu amene wangopulumuka kumene ku mowa, ndipo anali ataona kuti munthu amene wakulakwira akhoza kupepesa, nonse n'kudyera pamodzi. Buku lokhala ndi dzina lake linanena kuti moyo umathera pa foni yolira mumdima. Zikhoza kukhala kuti linanena zimenezo mwaluso lalikulu. Komabe unali umboni wa munthu wina, wosainidwa ndi Carver. Ku khoti tikamva kuti mboni yapatsidwa mawu oti inene, sitifunsa ngati mawuwo ali okoma.

5. Ngongole ya mphatso

Nanga n'chifukwa chiyani Carver sanakane mpaka mapeto? Sitingalowe mumtima mwake, koma tikudziwa kuti Lish ndi amene anamukhulupirira pamene ambiri sankamudziwa. N'kovuta kuuza munthu wotero kuti chotsani dzanja lanu pa ntchito yanga. Mfundo imeneyi ikutibwezera ku malo ngati Fighting Words, chifukwa kumeneko zonse ndi mphatso. Chipinda n'chaulere, mapepala ndi aulere, ndipo munthu amene wakhala pambali pako wasiya ntchito zake kuti akuthandize popanda malipiro.

Kusalipiritsa n'kwabwino, ndipo popanda iko ambiri sakanalowa pakhomopo. Koma tizindikire kuti kumasintha mphamvu pakati pa anthu awiriwo. Munthu amene walipira telala amatha kunena kuti, "Malayawa mwasoka molakwika, sokaninso." Munthu amene wasokeredwa malaya mwaulere amavala ngakhale akuthina, n'kumathokoza. Mwana amene akuthandizidwa ndi mlendo wachifundo, kapena mayi amene kwa zaka 40 wakhala akubisa kuti salemba bwino, sanganene msanga kuti, "Ayi, si zimene ndimafuna kunena." Adzavomera chilichonse chimene wothandiza wapereka, ndipo wothandizayo adzaganiza kuti agwirizana.

Choncho pamene thandizo lili laulere, udindo woteteza mawu a mwini nkhani umagwera wothandiza yekha, popeza mwini nkhaniyo wamangidwa pakamwa ndi kuthokoza. Agogo anga sakanandikalipira. Pamudzi ponse ndinali ine ndekha wowalembera, ndipo mwezi wotsatira akanafunanso dzanja langa. Kukhala chete kwawo ine ndinakuyesa kukhululuka, koma mwina kunalinso kusowa pogwira. Amene timatumikira ena mongodzipereka tiyenera kumadzifunsa kawirikawiri kuti mwa anthu onse amene amatiuza kuti "zikomo", ndi angati amene akanatha kutiuza kuti "ayi".

6. Wakutsina khutu ndi mnansi

Kodi ndiye kuti wothandiza angokhala chete, azingomwetulira? Tikatero tagwera m'dzenje lachiwiri lija. Makolo athu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mlembi amene sauzidwa choona sakula. Kwathu kuno tili ndi chitsanzo cha zimenezi. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a ku Chancellor College anayambitsa gulu lotchedwa Writers Group. Ankakumana sabata ndi sabata, wina n'kubweretsa ndakatulo kapena nkhani yake, anzake n'kuiwerenga ndi kuisanthula mosabisa mawu. Mmodzi mwa oyambitsa gululi anali Jack Mapanje, amene buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981.

M'zaka zomwezo munalinso anthu ena m'dziko muno amene ankawerenga zolemba za anzawo ali ndi cholembera m'dzanja. Lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe la boma lounika mabuku, masewero ndi makanema, lokhala ndi mphamvu yoletsa kapena kudula. Buku la Mapanje linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, ndipo iye anamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Magulu awiri onsewa ankapeza zolakwika m'zolemba za munthu. Kusiyana kwake kunali pa amene ali ndi mawu omaliza. Ku Writers Group anzako ankatha kukuuza kuti mzere uwu ndi wofooka, kapena kuti fanizo ili silikumveka, koma pomaliza pepala linkabwerera m'thumba mwako, ndipo iwe ndi amene unkasankha chosintha ndi chosiya. Ounika aja akadula, zinali zomwezo.

Palibe wodzipereka wa mtima wabwino amene angafune kufanizidwa ndi woletsa mabuku, ndipo zolinga zawo n'zosiyana kutalitali. Komabe mtsikana amene galu wake wabwezedwa kunyumba mokakamiza waphunzira phunziro lofanana ndi lomwe ounika ankaphunzitsa: pali zinthu zina zimene sizilembedwa, ndipo akuluakulu ndi amene amadziwa kuti ndi ziti.

Ndiye choona tichinene motani? Pali kusiyana pakati pa kuyankhula ngati wowerenga ndi kuyankhula ngati mwini. Wowerenga amanena zomwe zamuchitikira powerenga. Amati, "Bambo, pa tsamba lachiwirili ndasokonezeka. Amene akukuwa apa ndi kapitawo kapena ndi inu?" Amati, "Pamene munatchula za nsapato zomwe munagula ndi malipiro oyamba, ndinafuna kumva zambiri, koma munadumpha msanga." Mawu amenewa ndi oona, ena ndi owawa, koma onse akusiyira bamboyo ntchito yoti agwire yekha. Woyankhula ngati mwini amati, "Apa lembani chonchi," ndipo ntchito yatha, bamboyo wangokhala wokopera.

Kwa mtsikana uja, wowerenga akhoza kufunsa kuti, "Galuyo ali pansi pa mlatho akumva chiyani? Akuona chiyani kukamacha?" Mafunso otere amathandiza mwanayo kulowa mkati mwa mathero ake, osamutulutsamo. Mwina adzalemba mizere ina itatu imene wothandizayo sakanaiganiza ngakhale pang'ono.

Nanga masipelo ndi malamulo a chiyankhulo? Amenewa ndi ofunika, ndipo kumusiya munthu osawadziwa n'kumumana chida chimene adzachifuna pa mayeso ndi pofunsira ntchito. Koma ali ndi nthawi yake. Munthu amene akufufuza chomwe akufuna kunena ali ngati mayi wosenza ndowa yodzaza pa njira yoterera. Ukamuitana kuti akonze mpango, madzi atayika. Nkhani ikaima bwino, mwini wake amafuna yekha kuti ioneke bwino pamaso pa anthu, ndipo pamenepo kukonza masipelo kumakhala thandizo limene walipempha. Ndipo pokonzapo tisiyanitse cholakwika ndi kayankhulidwe ka munthu. Mawu a kumudzi kwawo, kapena chiganizo chachifupi chimene ife tikanachitalikitsa, si zolakwika. Mzere umodzi wa agogo anga unalibe chosowa.

7. Kuwerengera mwini wake

Zonsezi zimafuna makhalidwe awiri amene kawirikawiri timawaona ngati sayendera limodzi, kunena zoona ndi kudzichepetsa. Kunena zoona kumatiletsa kuyamikira chinthu chimene sitinachimve. Kudzichepetsa kumatikumbutsa kuti ngakhale tidziwe kulemba kuposa mnzathu, iye ndi amene akudziwa chomwe chili mumtima mwake, ndipo pa chimenecho ife ndife ophunzira. Zimafunanso kuleza mtima, chifukwa kufunsa ndi kudikira yankho kumadya nthawi kuposa kungomulembera munthu. Wodzipereka amene wakhala theka la ola ndi mwana, mwanayo n'kulemba mizere inayi yokha, akhoza kubwerera kwawo akudziona ngati sanachite kanthu. Koma ngati mizere inayiyo ili ya mwanayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ntchito imene anabwerera yachitika.

Sindikunena kuti malire ake amaoneka bwino nthawi zonse. Funso lenilenilo likhoza kukhala ndi yankho lobisika mkati, ndipo mwana wochenjera amamva msanga chomwe wamkulu akufuna kuti anene. Pali nthawi zina pamene munthu wasowadi mawu ndipo akupempha kuti timupatse, ndipo kumukana kungakhale kuuma mtima. Palinso nthawi imene zolemba za mwana zikuonetsa kuti ali pa ngozi kunyumba, ndipo pamenepo wothandiza ayenera kudziwitsa amene ali ndi udindo woteteza ana, osangoyamikira nkhani. Palibe lamulo limodzi lotichotsera udindo woganiza.

Koma pali chinthu chimodzi chaching'ono chimene aliyense angachite, ndipo ndi chimene ine sindinachite pakhonde paja. Ukamaliza kuthandiza munthu, muwerengere mokweza zonse zomwe zalembedwa, pang'onopang'ono, kenako umufunse kuti, "Kodi ndi zimene mumafuna kunena?" Ukatero ukhale chete, umupatse mpata wokwanira woti anene kuti ayi. Yang'ana nkhope yake pamene ukuwerenga, chifukwa munthu womangidwa ndi ulemu amavomera ndi pakamwa nkhope ikukana. Ndikanawawerengera agogo kalata ija, akanandiimitsa pa mawu akuti ndalama, ndipo amalume akanalandira pepala la m'kope lokhala ndi mzere umodzi wonena za denga lodontha pamalo pomwe ankagona.

Mafunso okambirana

1. Kodi munathandizidwapo ndi munthu amene anasintha zomwe mumafuna kunena? Munatha kumuuza? Ngati simunathe, chinakuletsani n'chiyani?

2. Wolemba nkhaniyi akuti kulanda ndi kuyamikira kwabodza zili ndi muzu umodzi. Kodi mukuvomereza? Ndi njira iti mwa ziwirizi imene inu mumagweramo kawirikawiri?

3. Ngati nkhani zodulidwa za Carver zilidi zamphamvu kuposa zake zenizeni, kodi owerenga anapindula kapena anamanidwa kanthu? Nanga Carver?

4. Pa utumiki umene timachita mongodzipereka pakati pa ana, achinyamata ndi achikulire a m'dera lathu, tingatani kuti amene tikuwathandiza azitha kutiuza kuti "ayi" popanda mantha?

5. Sabata ino, pemphani munthu mmodzi wachikulire kuti akuuzeni nkhani ya moyo wake, muilembe monga momwe akuinenera, ndipo mumuwerengere. Pa kukumana kotsatira tidzauzane malo amene anakuimitsani.